Rauta njabwino, koma printa ya pa shopu imafuna chingwe

Nyenyezi ziwiri basi. Ndili ndi shopu yosindikiza ndi kufotokopa ku Limbe. Makompyuta ali kutsogolo, printa yaikulu ili kuchipinda chakumbuyo, pakati pali makoma awiri a njerwa. Pokagula rauta (kachipangizo kofalitsa WiFi), zonsezi ndinamufotokozera mnyamata wa pakauntala pa sitolo yogulitsa marauta, iye amvekere, "Madala, zingwe n'zachikale, WiFi ikwana." Ndinalipira mtengo wa rautayo, ndi yodzaikira yomwe.

Loweruka lina m'mawa kunabwera mayi wina ndi alamu awo kudzasindikiza mapulogalamu a maliro, galimoto ikuwadikira panja, ulendo wa ku Mulanje. Patsamba loyamba panali chithunzi cha malemu, fayilo yolemera ndithu. Nditatumiza, printa inatulutsa theka la nkhope, kenako zii. Ndinatumizanso, chimodzimodzi. Mapepala okwera mtengo aja akungowonongeka, panja hutala ikulira. Mayiwo sanakalipe ayi, anangokhala pabenchi atagwira chitenje pakamwa, maso ali pa mapepala a theka la nkhope ya amuna awo. Bola akanandilalatira. Ndinachita kunyamula laputopu kupita nayo kumbuyo, n'kuilumikiza ku printa ndi USB nditagwada pansi.

Lolemba nditakadandaula, mnyamata uja akuti vuto ndi bandulo yanga. Bandulo ikukhudzana bwanji ndi kompyuta ndi printa zomwe zili m'nyumba imodzi? Ngakhale pepani sanandiuze.

Komabe amisiri awo achikulire, amene anabwera pambuyo pake, ndiwayamikire. Anandiuza mosabisa kuti WiFi ya 5 GHz imathamanga koma imafooka ikakumana ndi khoma, pomwe ya 2.4 GHz imadutsako bwino koma kuno yadzaza, poti shopu iliyonse yoyandikana nafe ili ndi rauta yake. Anakoka chingwe cha netiweki cha Cat6 m'mbali mwa khoma, n'kuika switch (kabokosi kolumikizira zingwe) ya mabowo 8. Chingwe chotere chimagwira bwino mpaka mamita 100, ife sitinafike ndi theka lomwe. Chiikireni, printa sinadukizepo ntchito.

Rautayo sindinaitaye. Pa mafoni ndi makasitomala otumiza zikalata pa WhatsApp ikugwira bwino zedi, palibe chodandaula. Chikundiwawa n'chakuti ndalipira kawiri ntchito imene akanandiuza tsiku loyamba, ndipo ya kuika koyamba ija anakana kundichotserako.