Tenda, kulowa pansi pa kontilakitala wamkulu, kapena ubale ndi ojambula mapulani?

Anzanga omwe angotsegula kumene kampani ya zomangamanga amandifunsa funso limodzimodzi mpaka kutopetsa: ntchito tiziisaka bwanji? Ndiyankhe pano kamodzi. Njira zomwe ndadutsamo ndi zitatu: kupikisana pa matenda, kugwira pansi pa kontilakitala wamkulu, ndi kudziwana ndi anthu omwe amamva za ntchito isanalengezedwe. Za Facebook ndi LinkedIn sindichedwapo. Ikanipo zithunzi za ntchito zomwe mwamaliza kuti wokufufuzani akupezeni, koma sindinaonepo munthu akupereka ntchito ya nyumba yosanja chifukwa cha chithunzi.

Ubwino wa tenda ndi woti aliyense wokhala ndi mapepala okwanira amaloledwa kuyesa. Kungoti kuyesako si kwaulere. Mugula zikalata, mulipira QS (katswiri wowerengera mtengo wa zomangamanga) kuti adzaze mitengo mu BOQ (mndandanda wa ntchito ndi zipangizo zofunika), kenako mupita ku banki kukapempha bid security, kalata yotsimikiza kuti simudzathawa mukapambana, ndipo banki situlutsa kalata imeneyo osagwirako chikole. Mtengo womwe mwalemba umakumangani masiku 90 kapena 120, simenti ndi zitsulo zikwere zisakwere. Mukapambana afunanso performance bond, chikole chotsimikiza kuti mudzamaliza ntchitoyo, kawirikawiri 10 peresenti ya mtengo wa ntchito yonse. Mukagwa, zonse zomwe mwawononga zapita, ndipo nthawi zina wakuposaniyo amakhala munthu yemwe waiwala kuwerengera china chake.

Komabe tenda ndimailemekeza pa chinthu chimodzi: pa mgwirizano pamalembedwa dzina lanu. Ngati mgwirizanowo watsatira buku lofiira la FIDIC la 1999 (FIDIC ndi bungwe la mainjiniya la padziko lonse lomwe limalemba migwirizano ya zomangamanga), injiniya woyang'anira ntchitoyo ali ndi masiku 28 oti atulutse satifiketi ya malipiro, ndipo mwini ntchito ayenera kulipira pasanathe masiku 56 kuchokera tsiku lomwe injiniyayo analandira mapepala anu. Akachedwa muli ndi poyambira, mpaka ufulu woimitsa ntchito mutapereka chidziwitso.

Tsopano njira yomwe inandipweteka. Kulowa pansi pa wamkulu kumakoma poyamba: palibe mpikisano wa mapepala, amangokuimbira kuti bwera ndi anyamata ako Lolemba. Ine ndinatenga gawo la pulasitala ndi matailosi pansi pa kampani ina yaikulu. Ankadula retention, ndalama yomwe amakugwirirani ngati chikole, ya 10 peresenti pa malipiro aliwonse, zomwe n'zachizolowezi: theka limabwera ntchito ikaperekedwa, theka linalo ikatha nthawi yokonza zolakwika, yomwe nthawi zambiri ndi miyezi 12. Chomwe sanatchule pokambirana n'choti miyeziyo siyamba tsiku lomwe ife tamaliza gawo lathu, imayamba nyumba yonse ikaperekedwa kwa mwini wake. Ife tinamaliza, tinasesa, tinachotsa zida pa saiti, a mawindo ndi a penti asanafike n'komwe pakati. Ndalama yathu inkadikira ntchito ya anthu omwe sitinkawadziwa ngakhale mayina.

Pamwamba pa apo panali ndime ya pay-when-paid, yoti iwo adzatilipira akalipidwa. Mwini nyumba atakangana ndi wamkuluyo pa nkhani ya denga lodontha, denga lomwe ife sitinalikhudze, malipiro athu anaima limodzi ndi awo. Ndikukumbukira mayi wa ku ofesi ya ndalama akutembenuza kompyuta kuti ndione ndekha: invoisi yathu ilipo, yavomerezedwa, koma pa danga la tsiku lolipira palibe kanthu. Lachisanu anyamata anali atandidikira ndi kabuku kawo ka masiku, ndipo amisiri safuna kumva za ndime.

Werengani nokha. Ngati pa mtengo munaikapo phindu la 8 peresenti ndipo akugwirirani 10, ndiye kuti phindu lonse pamodzi ndi kachidutswa ka mpamba wanu zili m'manja mwa munthu wina, popanda chiwongoladzanja. Wamng'ono ndi amene wakongoza wamkulu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Retention musamaiwerengere pogula galimoto.

Musaganize kuti zimachitikira ife osadziwika okha. Ku Britain lamulo la 1996, Housing Grants, Construction and Regeneration Act, linaletsa ndime za pay-when-paid, kupatula pomwe wolipira wapamwambayo wagwa ndi ngongole. Ngakhale zili choncho, kampani yaikulu ya zomangamanga ya Carillion itagwa mu Januwale 2018, makampani ang'onoang'ono ambiri omwe ankagwira pansi pake, ena atazolowera kale kudikira masiku 120 kuti alipidwe, anataya ndalama zawo. Ngati mwayi ulipo, pemphani kuti mulowe ngati nominated subcontractor, wosankhidwa ndi mwini ntchito. Pansi pa FIDIC, wamkulu akalephera kuonetsa umboni woti wakulipirani, mwini ntchito atha kukulipirani mwachindunji.

Njira yachitatu ndi yomwe ndimaikonda, ndipo sindibisa kuti ndikukondera. Wojambula mapulani, injiniya ndi QS amadziwa za nyumba ikadali papepala, miyezi ingapo munthu aliyense asanamve. Mwini nyumba akawafunsa kuti angamange bwino ndani, amatchula mayina awiri kapena atatu, ndipo mpikisano umathera pomwepo. Kuti dzina lanu likhale pa atatuwo sikudalira makalendala a kumapeto kwa chaka. Iwo amakumbukira kontilakitala yemwe anaona kuti miyeso ya pa pulani ikutsutsana n'kufunsa asanathire konkiriti, yemwe amalemba mtengo wa kusintha kulikonse asanakugwire m'malo mobwera ndi bilu yodzidzimutsa kumapeto, yemwe anaitanidwa za mng'alu wa pakhoma chaka chitatha n'kubwera ndi mmisiri popanda kukangana. Kasitomala wakale nayenso chimodzimodzi: tsiku lina adzafuna mpanda kapena chipinda chowonjezera, kapena m'bale wake adzamufunsa.

Zofooka zake zilipo. Imachedwa kubala, choncho kampani yatsopano siingadye ubale wokha chaka choyamba. Imadaliranso munthu: wojambula mapulani wanu akapuma pa ntchito kapena akasamuka, foni imangoti zii. Ndipo wina adzakupemphani kangachepe kuti akutchuleni. Chimenecho ndi chiphuphu, ndipo munthu wotero mawa adzatchula yemwe wapereka zambiri.

Lero ntchito zanga zambiri zimabwera kudzera mwa ojambula mapulani ndi makasitomala akale. Matenda ndimalowabe, koma ndimayamba kuwerenga ndime ya malipiro ndisanatsegule BOQ. Pansi pa wamkulu ndimalowa pokhapokha atavomera kulemba kuti retention yanga iziwerengedwa kuchokera tsiku lomwe ndamaliza gawo langa, ndipo ambiri akamva zimenezo saimbanso.