iPhone 11 ndi Samsung A15: ndayenda nazo zonse ziwiri, nayi ndemanga yanga

Ine ndimagulitsa zitenje ndi nsapato pa WhatsApp, ndiye foni kwa ine ndi shopu, ikavuta tsiku limodzi ndiye kuti tsiku limenelo sindinagulitse. Panopa mchikwama ndimayenda ndi ziwiri, iPhone 11 imene anandisiyira achemwali anga aku Johannesburg atagula ina, ndi Samsung A15 imene ndinagula ndekha yatsopano ku Limbe. Anthu amandifunsa kwambiri kuti yabwino ndi iti, iOS (pulogalamu yoyendetsa iPhone) kapena Android (yoyendetsa Samsung ndi mafoni ena ambiri), ndiye ndati ndilembe zomwe ndaona ndi manja angawa.

Ndiyambe ndi ma apudeti poti apa mpamene ambiri timaluza ndalama osadziwa. iPhone 11 inatuluka mu 2019 ili ndi iOS 13, koma mu September 2025 iOS 26 itatuluka nanenso ndinailandira nthawi yomweyo ngati munthu amene wagula foni dzulo, foni ya zaka 6 imeneyo abale! Ndisanagule Samsung ndinali ndi ka Android kotchipa, sinditchula dzina, ndinakhala nako zaka zitatu osasinthako Android ngakhale kamodzi, mpaka tsiku lina apu ina yomwe ndimaidalira pa geni inangondiuza kuti foni yanu ndi yakale. Sikirini inali bwinobwino, batire inali bwino, koma mkatimo inali itakalamba. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ndalama yake ndinaisonkha movutika.

Chomwe ndinadzamvetsa pambuyo pake nchoti Apple imapanga yokha foni ndi iOS yomwe, ndiye ikatulutsa imangotumiza kwa onse. Android amapanga a Google, kenako kampani iliyonse imatenga nkuikamo zake, Samsung ili ndi One UI, ena ali ndi zawo, ndiye apudeti kuti ikufikeni zimatengera amene anapanga foni yanuyo. Choncho mawu oti Android siilandira ma apudeti si oona kwa onse ayi. A15 analonjeza kusintha Android kanayi ndi zaka 5 za chitetezo, ndipo Galaxy S24 ndi Pixel 8 analonjeza zaka 7. Musanapereke ndalama funsani zimenezi, osangofunsa kuti kamera ndi ma megapixel angati.

Koma apudeti ya iPhone ndi yaikulu, ma GB angapo, ine ndimadikira ndikapeze Wi-Fi. Ndipo pa nkhani ya bandulo Android imandisamala bwino, imandionetsa mwezi uno apu iti yadya zingati komanso ndimaika malire kuti indichenjeze. Pa iPhone kawerengedweko umayenera kukayambitsanso wekha, ukaiwala zimangophatikizana ndi za miyezi yammbuyo.

Nkhani ya simu ndiye inandipangitsa kugula Samsung. Makasitomala ena ali pa Airtel Money ena pa Mpamba, munthu wa geni sungakhale ndi nambala imodzi. iPhone 11 yanga imalowa simu imodzi, inayo ndi eSIM, simu ya mkati mwa foni yopanda khadi, ndipo chenjerani ndi zochokera ku America kuyambira iPhone 14, zilibiretu polowetsa simu. Pa Samsung ndimaika zonse ziwiri, ndikaimba *211# kapena *444# imangondifunsa kuti pa simu iti, basi ndatha.

Tsiku lina kunabwera mayi wina kudzasankha chitenje cha chinkhoswe, anafuna vidiyo yomwe ndinajambula ya mitundu yonse kuti akaonetse anzake a komiti. Vidiyoyo inali mu iPhone, iwo foni yawo ya Android, bandulo analibe. Tinaima pakhonde mphindi zambiri ndithu, AirDrop, njira ya iPhone yotumizirana zinthu popanda bandulo, inkangofuna iPhone inzake, mapeto ake ndinawatumizira pa WhatsApp nkuwayatsira hotspot, ndipo maluwa a pachitenjepo anafika ataziralako. Zikanakhala mu Samsung bwenzi ili nkhani ya Quick Share kapena Xender, kamphindi kochepa, ulele. Pa Android ngakhale apu yeniyeniyo mumatha kugawana osaononga data, pa iPhone zimenezo kulibe, zonse ndi ku App Store. Ena amati mpake chifukwa zimateteza ku ma apu achinyengo, ndipo ndikuvomereza, ndaonapo mafoni a anzanga atadzadza zotsatsa chifukwa cholandira chilichonse. Komabe kwathu kuno kugawana ndiye moyo wake.

Malo osungira zinthu pa intaneti, iCloud ya Apple yaulele ndi 5GB, ya Google ndi 15GB. iPhone silowa memori khadi. A15 imalowa, kungoti pa yangayi malo ake ndi omwewo a simu yachiwiri, ndiye umasankha chimodzi.

Tsopano pa kujambula ndisaname, iPhone yakaleyo imaiposa Samsung yatsopano kutali. Mtundu wa nsalu umatuluka momwe ulili, chofiira chimakhala chofiira, vidiyo sigwedera, ndipo ndikaika pa sitetasi anthu amayankha msanga. Nkagwiritsidwe komwe nkosalala, ukatsegula apu imatseguka pompo, pomwe A15 nthawi zina imaganizako kaye ndikatsegula zambiri. Ndikudziwa kuti sizofanana mtengo, ina inali foni yapamwamba nthawi yake, ina ndi yapakatikati, koma mzimene zili mmanja mwanga.

Batire ndiye Samsung, 5000mAh, imandifikitsa madzulo magetsi atazima tsiku lonse. iPhone inabwera batire itatsika kale pansi pa 80 peresenti ndiye masana imafuna moto, ndipo chaja yake ndi Lightning, ukaiwala kunyumba uzungulira msika wonse kufunsa. USB-C anayamba ndi iPhone 15 mu 2023. Ya Samsung aliyense ali nayo, ngakhale pa benchi yotchajitsa.

Kaphunziridwe kake, masiku oyamba pa iPhone chala chimangofuna batani lobwerera mmbuyo lomwe kulibe, umakoka kuchokera kumanzere kwa sikirini kapena kufufuza kamuvi pamwamba. Patatha sabata ndinazolowera. Mayi anga ndinawapatsa kuti ayese, Face ID, yotsegula foni ndi nkhope, anaikonda poti sakumbukira manambala achinsinsi, koma atamva kuti nyimbo zawo za kwaya za mu memori khadi sizilowamo anandibwezera.

Amene mukufuna iPhone ya second hand, chonde musachoke pamalopo wogulitsayo asanatulutsemo iCloud yake inu mukuona, apo ayi mwagula chidina chosatseguka, ndipo muone Battery Health mu Settings. Macheza a WhatsApp nawo sasamuka okha, a Android amasungidwa ku Google Drive, a iPhone ku iCloud, pochoka ku Android kupita ku iPhone pamafunika apu ya Move to iOS iPhoneyo isanayambe kugwira ntchito.

Ine atati ndisiye imodzi lero, ndisunga Samsung, chifukwa ndalama za makasitomala zimalowera mmenemo ndipo imafika madzulo. iPhone ndiisinthitsa batire mwezi wamawa ipitirize kujambula zitenje.