Nyale ya check engine pa Corolla yosinthidwa injini: mmene zayendera patatha pafupifupi chaka

Galimoto yomwe ndikunena pano ndi Toyota Corolla NZE121 yochokera ku Japan, ya injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5. Injini yake yoyamba inkadya oilo ndi kufuka utsi wabuluu mpaka kukonza kunasiya kupindula, choncho tinaikamo ina yogwirapo kale ntchito, ya mtundu womwewo koma yochokera m'galimoto yatsopanoko. Chiweruzo changa n'chakuti injiniyo ndi yabwino ndipo ndalama sizinapite pachabe: imadzuka msanga m'mawa, sitentha pokwera mapiri, ndipo oilo satsika. Koma nyale yachikasu ya check engine, yomwe imachenjeza za vuto la injini pa dashibodi, inavutitsa kwa miyezi ingapo, ndipo nthawi zambiri vuto silinali mkati mwa injini, linali pa zinthu zoizungulira.

Dzina la 1NZ-FE limapusitsa, chifukwa injini za dzinali sizifanana zonse. Zakale, monga yomwe inali mu NZE121 yangayi, zimatsegula mpweya ndi chingwe chochokera ku chopondera moto, pamene zambiri zatsopano zimatsegula ndi kamota kolamulidwa ndi kompyuta. Popeza kompyuta ndi mawaya anatsala akale, makaniko anachita kusamutsa manifodi (mapaipi olowetsa mpweya mu injini), throttle body (chotsegulira mpweyawo) ndi masensa kuchoka pa injini yakufa kupita pa yatsopano. Njira imeneyi ndi yoyenera, koma ikutanthauza kuti paliponse pomwe panamasulidwa ndi kumangidwanso pakhoza kubadwa vuto.

Nyale sinayake tsiku lotuluka m'galaja, ndipo apa m'pamene ambiri amanyengeka. Zolakwika zina kompyuta imadikira kuziona pa maulendo awiri otsatizana isanayatse nyale, choncho kuyesa galimoto kamtunda kochepa sikutsimikizira kanthu. Itayaka, upangiri woyamba womwe ndinalandira unali wochotsa batire kwa kanthawi, ndipo wachiwiri unali wozula babu kuseri kwa dashibodi, poti "magalimoto osinthidwa injini amatero basi". Zonse ziwiri ndinakana. Kuchotsa batire kumangofufuta umboni, pamene kuzula babu kumakuchotserani chenjezo lofunika kwambiri, loti nyale ikamaphethira galimoto ili pa ulendo ndiye kuti silinda ina sikuotcha bwino, ndipo petulo wosapsa akuwononga catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi cha mu ekizozi.

Kuwerenga zolakwikazo kunali ndi zovuta zakenso. Soketi ya mabowo 16 yolumikizira makina owerengera zolakwika ilipo pansi pa chiwongolero, yofanana ndi ya OBD-II yomwe inakhala lamulo ku America mu 1996, koma magalimoto ambiri akale opangidwira msika wa ku Japan salankhulana ndi timakina totchipa tolumikiza ku foni. Wamagetsi wina wachikulire anangotenga kawaya kakafupi n'kulumikiza bowo la 4 ndi la 13, n'kutembenuza kiyi osaliza injini. Nyale inaphethira kawiri, n'kupuma, n'kuphethiranso kasanu, iye akuwerenga ndi chala pachiwongolero: 25. Pa makina akuluakulu owerengera zolakwika nambala imeneyi imatuluka ngati P0171, kutanthauza kuti mpweya wachuluka kuposa petulo. Gasiketi ya manifodi inali yakale yomwe ija, yophwatalala ndi youma, ndipo injini inkayamwa mpweya womwe sensa ya MAF, yoyeza mpweya wolowa mu injini, sinauwerenge. Atapopera mankhwala otsukira m'mbali mwa manifodi, kulira kwa injini kunasintha nthawi yomweyo. Gasiketi yatsopano ndi kutsuka sensayo zinathetsa nkhaniyi, ndipo petulo anayamba kukhalitsa.

Vuto lachiwiri linali laling'ono: nambala 21, ya sensa ya oksijeni, chifukwa waya wake unapanikizika pokweza injini ndipo unapsa utakhudza ekizozi.

Lachitatu ndilo linandiphunzitsa zambiri za injini zogula zakale. Nyengo yozizira itafika, galimoto inayamba kunjenjemera pamaloboti ndi kuchita ulesi ponyamuka, ndipo nambala inali 59, yomwe ndi P1349, ya dongosolo la VVT-i. Dongosololi limasuntha nthawi yotsegukira mavavu pogwiritsa ntchito mphamvu ya oilo, ndipo oiloyo amadutsa pa kasefa kakang'ono ngati nsonga ya chala, kobisika kuseri kwa bawuti pamutu wa injini. Titakatulutsa kanali kakuda bii, komatidwa ndi phala la oilo wakale. Injini yomwe yakhala nthawi yaitali m'shelefu, mbiri yake yosadziwika, imabwera ndi litsiro lake, ndipo oilo wokhuthala wa 20W-50 yemwe amakaniko ambiri amathira mwachizolowezi amangowonjezera vutoli. Kasefako katatsukidwa, pamodzi ndi vavu yake, ndinasinthira ku 5W-30 ndipo ndinafupikitsa nthawi yosinthira oilo koyambirira.

Amene akuganiza zosintha injini agwirizane ndi makaniko ntchito isanayambe kuti magasiketi onse omasulidwa akhale atsopano, kasefa ka VVT-i katsukidwe injini ikadali pansi, ndiponso kuti gawo lina la malipiro liperekedwe galimoto itayenda masiku angapo n'kuwerengedwanso. Aonetsetsenso kuti nyaleyo ikuyaka potembenuza kiyi n'kuzima injini ikalira, chifukwa ikapanda kuyaka n'komwe ndiye kuti wina waikhudza. Kuyambira pomwe kasefa kanatsukidwa, galimoto yanga yadutsa nyengo yotentha ndi yamvula yomwe osalembanso nambala ina iliyonse.