Stika ya carbon ya 4D m'kati mwa Premio: yapirira dzuwa la Okutobala, koma si paliponse

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Pa tizigawo tosalala tomwe mungazule m'galimoto n'kukamatira pa tebulo, stika iyi ndi yabwino kuposa mtengo wake. Pa pulasitiki wokhakhala komanso m'makona olowa kwambiri, musaiyembekezere zambiri.

Galimoto yanga ndi Toyota Premio ya 2010, imodzi mwa zija zochokera ku Japan zodzera pa Dar es Salaam ndi pa Songwe. Injini ilibe mlandu, mipando ikadali bwino, koma tizigawo tija tooneka ngati thabwa, tozungulira giya, wailesi ndi mabatani a magalasi pa zitseko, tinali titakandikakandika ndi makiyi ndi mphete za eni ake akale. Tatsopano n'toitanitsa kunja, ndipo tomwe ndinaona kwa ogulitsa masipeya akale tinali tokandika chimodzimodzi. Ndiye ndinagula mita imodzi ndi theka ya stika yakuda pa shopu ina ya zokongoletsera magalimoto cha ku Malangalanga, ku Lilongwe. Mpukutu wake ndi wa mamita 1.52 m'lifupi, kotero mita ndi theka ndi yambiri ndithu. Inakwana ponse ndinkafuna, n'kutsalako yodzakonzera pakawonongeka. Mtengo sindilemba, chifukwa ndi mmene kwacha ikuyendera, wa lero si wa mwezi wamawa. Pa pepala lakumbuyo palibe dzina la kampani, pali timizere ta mabokosi tothandiza podula basi.

Ogulitsa amakuonetsani mitundu itatu. Ya 3D siwala, ndipo mukaigwira mumamva mizere yake bwinobwino. Ya 5D ili ndi khungu lina loonekera pamwamba, imanyezimira kwambiri, koma ndi yokhuthala ndipo imavuta kupinda. Ya 4D ili pakati: imawala pang'ono, ndipo kuluka kwake kumasintha maonekedwe kuwala kukabwera chammbali. Ndinasankha imeneyi chifukwa yonyezimira kwambiri imaonetsa zala zonse zomwe zaigwira, komanso ikakhala chakutsogolo imabweza dzuwa n'kumakuthobwani m'maso mukuyendetsa.

Pali anthu ena amaganiza kuti akugula carbon fiber weniweni. Ayi ndithu. Weniweniyo ndi ulusi wa kaboni wolukidwa n'kuumitsidwa ndi guluu wina wolimba wotchedwa resin, wopepuka koma wolimba, ndipo mu mipikisano ya Formula 1 a McLaren anayamba kupangira thupi la galimoto mu 1981. Stika iyi ndi ya pulasitiki wotchedwa PVC, yodindidwa mizere, yokhala ndi guluu kumbuyo. Siichepetsa kulemera kwa galimoto, siilimbitsa kanthu. Ntchito yake n'kubisa zipsera ndi kusintha maonekedwe, ndipo imeneyo imaigwira.

Pomata ndinathandizana ndi mnyamata wina amene amaika tinti pa magalasi, chifukwa ali ndi heat gun, kachipangizo kotulutsa mpweya wotentha kwambiri, komanso tizitsulo tapulasitiki tozulira mapanelo. Pamenepa ndiime kaye. Musalole munthu kutsegula mapanelo a galimoto yanu ndi sikuludiraiva. Timakilipi ta galimoto yomwe yatha zaka zoposa khumi ikupsa ndi dzuwa timathyoka msanga, ndipo kamodzi kakathyoka panelo imayamba kulira khwekhwekhwe pa msewu wafumbi mpaka kalekale. Pa mabatani a magalasi pali mawaya kunsi, mumamasula pulagi kaye musanakoke.

Ntchito yaikulu si kumata, ndi kutsuka. Anyamata otsuka magalimoto amakonda kupopera polishi uja wowalitsa dashibodi, ndipo ambiri mwa mapolishi amenewo ali ndi silicone. Guluu ndi silicone sizimvana ngakhale pang'ono. Tinatsuka kagawo kalikonse ndi sopo wotsukira mbale, n'kuumitsa, kenako n'kupukuta ndi spiriti wotsukira wotchedwa isopropyl alcohol mpaka chala chikamakhula pamwamba pake chizimveka kuti tswii. Kumbuyo kwa m'mphepete nakonso tinapukuta, chifukwa ndi komwe stika imakagwira mukaipinda. Pomwe panali zokandika zozama tinakwecha pang'ono ndi sandipepa wosalala. Stika ndi yopyapyala, kadzenje kalikonse kapena kamchenga kamodzi kamaonekera pamwamba.

Kumata kwenikweniko kunandisangalatsa. Guluu wake ali ndi tinjira tating'onoting'ono totulutsira mpweya, ndiye katuza kakatsala mumangokakanikiza ndi chala chachikulu n'kuona kakuphwa pokhapo, osafunika kuboola ndi singano. Mukaika mopotoka mumatha kuzula n'kuikanso musanatsindike. Ife tinkadula chidutswa choposa kagawoko ndi masentimita awiri kapena atatu mbali zonse, kuyamba pakati, n'kumasalaza chopita kunja ndi khadi yakale ya ku banki yokulunga m'kansalu. Ikamva kutentha imafewa ngati chingamu, ndipo apa ndi pomwe pamafunika dzanja lofatsa. Mukaikoka kwambiri, timabokosi ta kulukako timatalika, mzere umakhota, ndipo diso limaona msanga kuti ichi n'chomata. Chinanso chomwe mnyamatayo anaumirira, ndipo ankanena zoona, n'chakuti mizere iyang'ane mbali imodzi pa tizigawo tonse. Chitseko chakumanja mizere ikapendekera uku, chakumanzere uko, m'galimoto mumaoneka mosokonekera ngakhale munthu sangathe kuloza chomwe chalakwika. Mabowo a mabatani tinkacheka mtanda pakati ndi lezala yatsopano, n'kupinda timapiko take kumbuyo. Pomaliza iye anatenthanso m'mphepete monse ndi m'makona kwambiri ndithu. Opanga ma vinyl, lomwe ndi dzina la mastika otere, amalangiza kufika cha m'ma digiri 90 kapena 100 kuti pomwe yakokedwa isabwererenso. Chowumitsira tsitsi chimathandiza kufewetsa, koma kutentha kumeneko sichifikako bwino.

Tinamata nyengo yozizira, ndipo ndinadikira dala kuti Okutobala ndi Novembala adutse ndisanalembe. Galimotoyi imakhala pa dzuwa tsiku lonse kuntchito, popanda mthunzi, ndipo yakhalaponso pa dzuwa la ku Salima magalasi ali otseka, chiwongolero chosagwirika. Tizigawo ta pa zitseko zonse zinayi tili monga tinamatira. Pozungulira wailesi palibe chamatuka, mtundu sunasuluke. Pa panelo ya giya, pomwe ndimaponya makiyi ndi foni, pali timikwasa tochepa toti mpaka muyang'anitsitse.

Nyenyezi yachisanu yathera pa malo oikapo kapu. Pamenepo pulasitiki amalowa m'kati mozama, ndipo kutentha kutafika stika inadzikoka n'kusiya kampata m'kona, kokhala ngati kang'oma mukakagogoda ndi chikhadabo. Titatenthanso inakhala pansi, patapita milungu ingapo inadzukanso. Chifukwa chake chili m'kapangidwe. Ma vinyl otchipa amapangidwa pokanikiza PVC pakati pa zogudubuza zotentha, ndiye amakhala ndi khalidwe lofuna kubwerera mmene analili. Okwera mtengo, monga 3M 2080, amapangidwa pothira PVC yamadzimadzi n'kuiumitsa, choncho sabwerera kwambiri. Amene mukufuna kukuta malo okumbika, funani amenewo, kapena dulani zidutswa ziwiri zikumane m'kona m'malo mokakamiza chimodzi. Pali mankhwala othandiza guluu kugwira m'mphepete, 3M Primer 94, koma pakani pang'ono chabe chifukwa tsiku lodzachotsa mudzalimbana nawo.

Ndinayesanso kachidutswa kotsala pa pulasitiki wokhakhala wa pansi pa dashibodi, kungofuna kuona. Sabata isanathe m'mphepete munali mutadzuka. Guluu amangogwira pamwamba pa timapiri ta pulasitikiyo, pansi pali mpweya. Pochotsa panatsala guluu wonanda pang'ono, yemwe anachoka ndi alcohol yemwe uja. Ndiye amene akukulonjezani kukuta dashibodi yonse ndi stika yotere, mufunseni akuonetseni galimoto yomwe anakuta chaka chatha, osati dzulo.

Pali malo ena omwe simuyenera kumatapo ngakhale itagwira bwanji. Paliponse palembedwa SRS AIRBAG, kaya pakati pa chiwongolero kapena kutsogolo kwa mpando wa wokwera, pulasitiki wake anapangidwa kuti ang'ambike pa mzere wake ngozi ikachitika, thumba la mpweya loteteza munthu lituluke. Kumatapo chinthu n'kusewera ndi moyo. Ndaonapo galimoto zina m'tauni muno zitakutidwa pamenepo, ndipo eni ake amayenda monyadira. Pa mkombero wa chiwongolero pomwe pamagwira manja naponso ayi, thukuta ndi kupotokola zimaisuntha.

Fumbi limakhala m'timizere take, makamaka miyezi youma ya ku Lilongwe. Kansalu konyowa kamachotsa, nthawi zina ndi kaburashi kofewa. Anyamata otsuka ndimawauziratu kuti asapoperepo polishi, chifukwa amalowa m'mphepete n'kuyamba kufewetsa guluu, komanso petulo kapena thina asayandikire.

Kunena za maonekedwe, wakuda ameneyu wagwirizana ndi m'kati mwa Premio kuposa mmene ndinkaganizira, ngakhale bambo anga akuti thabwa lija linkaoneka laulemu ndipo tsopano galimoto yasanduka ya anyamata. Mwina sakunama. Langizo langa n'lakuti musakute chilichonse chomwe chikukutika. Tizigawo tochepa tokha timaoneka ngati tinabwera choncho kuchokera kufakitale, koma mukafika mpaka pa timazenera ta mpweya ndi zogwirira zitseko, zimayamba kuoneka zachibwana.

Ndingaigulenso pa ntchito ya mapanelo osalala. Pa malo oikapo kapu ndazula stikayo, ndipo ndikufuna kungopaka penti wakuda wa pulasitiki.