Kashopu ka mabuku pa Nchalo komwe ndinadziwira Lynda La Plante

Kashopu kameneka ndakhala ndikukadutsa zaka ziwiri osalowamo ngakhale kamodzi, kali chakuseri kwa pomwe ma minibasi a ku Bangula amaima pa Nchalo, ndipo panja sipalembedwa chilichonse, umangoona mabuku akale a MSCE atayalidwa pa mphasa, ndiye ine ndinkangoti izi ndi za ana asukulu basi. Tsiku lina mu Okotobala dzuwa lathu la kuno ku chigwa litafika pophika mutu ndinathawiramo kufuna mthunzi podikira kabaza, ndi pomwe ndinaona kuti mkatimo muli mashelefu atatu odzaza ndi ma novel a kaunjika, ndipo pakona pali mnyamata ndi kompyuta yake akuika mafilimu mu flash ndi mu memory card.

Eni ake ndi amayi achikulire ndithu, mnyamatayo ndi mwana wawo. Chimene chinandigwira mtima ndi choti amayiwa amawerenga zomwe amagulitsa, si aja ongokulozera kuti sankhani nokha. Anandifunsa kuti achemwali mumakonda zotani, ine ndikuti za apolisi ndi zofufuza milandu chifukwa mng'ono wanga ndi wapolisi ndipo nkhani zake zimandikhala pamtima. Sanachedwe, anatsitsa buku lonenepa lolembedwa Tennison pachikuto nkunena kuti tengani ili, wolembayo ndi mzimayi ndipo amadziwa zomwe mzimayi amakumana nazo mu yunifomu. Ndinalipira K3,000, ndipo kunena zoona pa buku lalikulu chonchija mtengowu sindinauone wokwera.

Wolembayo ndi Lynda La Plante, wa ku England, anabadwa mu 1943 nkukulira ku Liverpool. Zina za moyo wake anandiuza amayiwo, zina ndinakafufuza ndekha pa intaneti bukulo litandilowa m'magazi. Mayiyu sanayambe ndi kulemba ayi, anayamba ndi zisudzo, anakaphunzira ku sukulu yotchuka ya zisudzo ya RADA ku London ndipo nthawi imeneyo ankadziwika ndi dzina loti Lynda Marchal, ankaoneka m'mafilimu a pa TV a apolisi ngati Z-Cars, The Sweeney ndi The Professionals koma mbali zake zinali zing'onozing'ono, munthu wongobwera pang'ono kenako osaonekanso. Ndiye m'malo mongokhala kudikira kuti wina amulembere mbali yabwino anayamba kulemba yekha, ndipo mu 1983 inatuluka Widows pa TV, nkhani ya azimayi omwe amuna awo anali mbava za mfuti ndipo atafa pa umbanda wina azimayiwo anatenga mapulani a amuna awo nkumaliza ntchitoyo okha. Apa mpomwe dzina lake linamveka. Nkhani yomweyi anthu ena anadzaipanganso filimu ku America mu 2018, mtsogoleri wa azimayiwo ali Viola Davis.

Koma chomwe ndikufuna ndikambe kwambiri ndi Jane Tennison. Buku lomwe ndinagulalo linatuluka mu 2015 ndipo limabwerera m'mbuyo mpaka 1973, Jane ali ndi zaka 22, wangoyamba kumene upolisi pa siteshoni ya ku Hackney mu London. Abale anga, mmene amamuonera anzake achibambo mmenemo, kumutuma tiyi, kumuseka, kumupatsa ntchito zomwe iwo sakuzifuna, ine ndinkawerenga usiku ndi tochi ya foni thukuta lili kamukamu ndikumaona nkhope ya mng'ono wanga. Mwana ameneyu miyezi yake yoyamba ankandiimbira foni akulira kuti achemwali ine ndinaphunzira zofanana ndi anyamatawa koma pakabwera nkhani yaikulu amati iwe khala pa kauntala, ndipo ine ndinalibe chomuyankha kupatula kuti limba mtima. Ndiye kupeza kuti mzungu wina kutali uko analemba zomwezi mwatsatanetsatane chonchi, zinandikhudza kwambiri, sindinama.

Sabata yotsatira ndinabwererako, amayi aja atangondiona anaseka nkuuza mwana wawo kuti awaikire anti akowa Prime Suspect. Iyi ndi filimu ya pa TV ya 1991 yomwe analemba Lynda yemweyo, ndipo ndi imene inayambitsa dzina la Tennison, bukulo linabwera pambuyo pake patapita zaka zambiri. Amene amasewera mbali ya Jane ndi Helen Mirren, apa Jane ndi bwana kale, wafika pa udindo wa Detective Chief Inspector koma milandu ikuluikulu samupatsa, mpaka bwana wina wachibambo amene ankatsogolera mlandu wa kuphedwa kwa mtsikana amwalira mwadzidzidzi ndi matenda a mtima, Jane nkukakamira kuti mlanduwo aupitirize iye. Anyamata a timu ija samufuna, makamaka sajeni wina amene anali mnzake wa malemuyo amachita kumutchera misampha, koma iye akungoyang'ana mafayilo mofatsa mpaka apeza kuti ngakhale dzina la mtsikana wophedwayo anzakewo analakwitsa. Gawo limenelo ndinabwereza kawiri. Lynda La Plante sanangopeka pamutu, anakhala nthawi ndi wapolisi weniweni wamkazi wa ku London dzina lake Jackie Malton, amene pa nthawiyo anali mmodzi mwa azimayi ochepa kwambiri pa udindo umenewo, ndipo zimaonekeratu kuti munthuyu anachita kufunsa, chifukwa mmene amafunsira mafunso woganiziridwa, mmene amatopera, mmene banja lake likusokonekera kunyumba chifukwa cha ntchito, zonse zimamveka zenizeni. Helen Mirren anapata nayo mphoto ya BAFTA zaka zitatu zotsatizana, ndipo Lynda mwini wake anapatsidwa ulemu wa CBE mu 2008.

Chenjezo lokha kwa amene muli ndi ana, filimuyi si yoonera pa sitting room banja lonse, muli mitembo ndi mawu ena olemera, ine ndinaonera pa foni ndekha. Komanso Chizungu chake ndi cha ku London chothamanga, si aja otanthauzidwa m'Chichewa omwe timaonera mu video show, ndiye pemphani mnyamatayo akuikireni yokhala ndi mawu olembedwa pansi, ali nayo ndipo salipiritsa zoonjezera.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse, chifukwa zilipo. Buku lachiwiri lomwe ndinagula, Above Suspicion, la 2004, lomwe muli wapolisi wina wachitsikana Anna Travis, ndinaliwerenga masiku anayi nkupeza kuti masamba omaliza kulibe, athothoka. Munthu wawerenga nkhani yofufuza wakupha mpaka kumapeto ndiye pomwe akuti amugwire mpomwe buku lathera, mtima unandiwawa zedi. Vuto ndi loti kutentha kwa kuno kumasungunula guluu wa mabukuwa, kashopuko denga lake ndi la malata opanda siling'i, masana mumatentha ngati mu uvuni, ndipo mashelefu a pansi ena ali ndi zipsera za madzi, amayiwo akuti ndi za nthawi ya Freddy mu 2023 pomwe madzi analowa mpaka mkati. Ena chiswe chinayamba kale kulawa m'mbali. Ndiye musanalipire tsegulani kumapeto muone ngati tsamba lomaliza lilipo, gwedezani bukulo pang'ono. Ine nditabwerera nalo amayiwo sanakangane nane, anapepesa ndithu nkundiuza ndisankhe lina, koma lomwelo analibe lina ndiye mpaka lero mathero ake ndinachita kuuzidwa ndi iwowo pakamwa titakhala pa benchi panja.

China ndi choti magetsi akazima za mafilimu zaima, alibe sola, ndiye ngati mukuchokera kutali ngati ku Ngabu kapena ku Dyeratu mutha kuwononga thiransipoti pachabe, ndibwino kupita m'mawa. Flash yanu ibwere yopanda zinthu zofunika, yanga inabwera ndi virus ulendo woyamba, mnyamatayo anaikonza koma zithunzi zina zinapita. Ndipo mabuku a Chichewa ndi ochepa kwambiri, ndinapezamo awiri okha, ndinawauza amayiwo kuti apa muonjezere chifukwa si aliyense angalimbane ndi Chizungu cha masamba mazanamazana.

Ngakhale zili choncho ine ndipitabe, ndipo ndawauza kale aphunzitsi anzanga awiri. Kuno ku chigwa malo opeza novel ndi osowa, ambiri timadikira wina akwere mapiri aja kupita ku Blantyre kapena ku Limbe ndiye atigulire, ndiye kukhala ndi munthu pa Nchalo pompano amene amadziwa kuti buku ili likugwirizana ndi munthu uyu, kwa ine ndi chinthu chachikulu. Amayiwo alonjeza kuti belo ikadzabwera mwezi wa mawa andisungira chilichonse cholembedwa La Plante pachikuto, makamaka Widows chifukwa ilinso ngati buku.

Tennison lija linapita ndi mng'ono wanga atabwera ku holide, anati angoliona pang'ono, pano patha miyezi iwiri. Dzulo wanditumizira uthenga kuti wafika pakati ndipo mnzake wina wamkazi wa kuntchito walembetsa kale kuti akamaliza amubwereke, ndiye ndawauza amayi aja kuti likapezekanso lina andisungirenso.