ESP32 pa thanki ya madzi: zomwe ndaona patatha chaka

Chaka chatha ndinalemba kuti ndasiya kabodi ka Arduino Uno ndipo ndayamba kuika ESP32, kakompyuta kakang'ono ka pa chip imodzi, m'timabokosi timene ndimapangira anthu, toyeza madzi m'thanki ndi kuyatsa kapena kuzimitsa pampu. Ndinaitamanda kwambiri nthawi ija, koma kutama kwake kunali kwa patebulo, chifukwa panalibe kabokosi n'kamodzi komwe kamene kanali katagonapo panja. Panopa timabokosi tija tapirira dzuwa la Okutobala, mvula yonse ya dzinja ndi chisanu cha mu Juni, tina pamwamba pa nsanja za matanki kuno ku Lilongwe, kena kudimba lothirira ndi pampu ya sola. Pa chip yeniyeniyo maganizo anga sanasinthe: ndi yabwino, ndipo palibe imene yapsa kapena kufa yokha. Chimene chasintha ndi kumene nthawi yanga ikupita. Pulogalamu ndinalemba m'masiku ochepa. Miyezi yonse yotsalayi yathera pa magetsi, mawaya, chinyezi ndi nyerere.

Kwa amene simunaigwirepo, ESP32 imapangidwa ndi kampani ya Espressif ya ku Shanghai, ndipo inatuluka mu 2016 potsatira ESP8266. Ili ndi ma core awiri othamanga mpaka 240 MHz, RAM ya 520 KB, ndipo Wi-Fi ndi Bluetooth zili m'kati momwemo. Uno ili ndi ATmega328P ya 16 MHz ndi RAM ya 2 KB basi, ndipo kuti ilankhule ndi foni mpaka uibereketse kabodi kena pamsana. Chinandikoka ndi chimenecho, komanso mtengo wake wa madola ochepa chabe.

Ndiyambe ndi magetsi, poti nkhani yaikulu ili pamenepo. ESP32 ikamatumiza uthenga pa Wi-Fi imakoka pafupifupi 240 mA, ndipo imakoka modzidzimutsa, osati pang'onopang'ono. Ukaipatsa chaja ya foni ya pamsika ndi waya wa USB wautali wowonda uja, mphamvu imagwa kwa kamphindi, chip n'kuzima n'kuyakanso yokha. Ukalumikiza ku kompyuta umangoona mzere umodzimodzi ukubwerezedwa: "Brownout detector was triggered". Patebulo vutoli silioneka kawirikawiri, chifukwa laputopu imapereka magetsi okhazikika ndipo waya ndi wamfupi. Pansanja ya thanki, pamene waya wayenda mamita angapo ndipo magetsi a m'dera angobwera kumene ali ofooka, kabokosi kamatha kuzima ndi kuyaka usiku wonse. Pa intaneti pali anthu amene amalangiza kuti ungozimitsa m'pulogalamu brownout detector, mbali ya chip imene imaizimitsa mphamvu ikatsika. Musawamvere. Kumeneko ndi kumata tepi pa nyali ya oyilo ya galimoto kuti isamakuthobwe m'maso. Chip ikamagwirabe ntchito mphamvu itatsika, imatha kulemba zosokonekera mu flash, mosungira pulogalamu, ndipo pamenepo kabokosi sikayakanso mpaka ukwere makwerero ndi laputopu kumanja.

Chimene chinathetsa vutoli si nzeru za pulogalamu ayi. Tsopano kabokosi kalikonse kamadya kuchokera ku batire ya 12V, kudzera mu buck converter yotsitsira ku 5V, ndipo pafupi penipeni ndi kabodi ndimawotcherera capacitor (kosungira magetsi kwa kamphindi) ya 470 µF ndi ina yaing'ono ya 100 nF. Mawaya a magetsi ndimaika onenepa, afupiafupi, owotcherera kapena omanga ndi sikulu. Timawaya tolowetsa tokhala ndi mitundumitundu tija n'toyesera basi; panja timachita dzimbiri, ndipo dzinja lisanathe timakhala titayamba kugwedera.

Pampu nayo ili ndi zake. Mota ya 230V ikamayaka kapena kuzima imalavula phokoso la magetsi m'mawaya onse oyandikana nawo, ndipo ESP32 ikakhala bokosi limodzi ndi contactor, switch yaikulu yoyatsira mota, imadzidzimuka n'kuyambiranso. Ndinazilekanitsa: contactor ndi mawaya akuluakulu m'bokosi lawo, ndi snubber yochepetsa phokosolo pa koyilo ya contactor, ESP32 ndi relay yaing'ono yoyatsira contactor m'bokosi lina. Mbali ya 230V ndimasiyira wamagetsi wa laisensi. Amatenga gawo lake la ndalama, koma ine ndimagona tulo.

Palinso nkhani ya mapini, timiyendo tolumikizirapo mawaya, imene datasheet, chikalata cha kampani chofotokoza chip, imanena momveka koma ambiri sitiwerenga mpaka zitatipweteka. Si pini iliyonse ya ESP32 imene ungamangepo chilichonse. Mapini 6 mpaka 11 ndi a flash, osawakhudza. Mapini 34 mpaka 39 amangolandira, satulutsa kanthu. Ndiye pali ena, 0, 2, 5, 12 ndi 15, amene chip imayang'ana pa nthawi yoyaka kuti idziwe mmene iyambire. Pini 12 ikapezeka ili ndi magetsi nthawi imeneyo, chip imaganiza kuti flash ndi ya 1.8V, ndipo kabodi kambiri sikayaka n'komwe. Kumayiko kumene magetsi amazima kamodzi pa chaka zimenezi n'zazing'ono. Kwathu kuno kabokosi kosakhala ndi batire kamayaka mwatsopano kangapo pa sabata, choncho chilichonse chimene chimachitika m'sekondi yoyambayo umakumana nacho nthawi zonse. Relay ikakhala pa pini yosayenera imati "tyapu" magetsi akangobwera, pampu n'kugwedezeka popanda chifukwa. Ine relay ndimaika pa 25, 26 kapena 27, ndipo kuyambira pamenepo kwangoti zii.

Zoyezera madzi ndiye zandiphunzitsa zambiri kuposa chip. Ndimagwiritsa ntchito JSN-SR04T, sensa imene imatumiza kaphokoso kosamveka m'khutu n'kuwerenga nthawi imene kamatenga kuti kagunde pamadzi ndi kubwerera. Imapirira madzi, mosiyana ndi HC-SR04 yotchipa ija, koma siona chinthu chimene chili pafupi kuposa masentimita 20 kapena 25, ndiye thanki ikadzaza mpaka pakhosi imayamba kunama. Komanso imayankha ndi 5V pamene ESP32 ndi ya 3.3V, choncho pakati pamafunika ma resistor awiri otsitsa mphamvu. Zimenezi zimadziwika usanayambe. Chimene umadziwa utadikira miyezi ndi cha kutentha. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi mpweya ukakhala 20°C, koma ukafika 40°C limayenda pafupifupi 355. M'thanki ya pulasitiki yakuda masana a Okutobala mpweya umatentha kotero, ndipo madzi akakhala patali mita imodzi ndi theka kuchokera pa sensa, muyeso umasuntha ndi masentimita pafupifupi 5 popanda dontho n'limodzi lomwe kulowa kapena kutuluka. Mwini nyumba wina anayamba kukayikira kuti wina akumubera madzi usiku, poti masana nambala inkakwera, kukada n'kutsika. Ndinawonjezera kasensa ka kutentha, DS18B20, pulogalamu n'kumakonza yokha muyeso. M'miyezi yozizira vuto linali lina: nthunzi imasanduka timadontho pankhope ya sensa m'bandakucha, sensa n'kumanena kuti thanki yadzaza pamene ili pakati. Pano pulogalamu imayeza kangapo n'kutenga muyeso wa pakati, ndipo pampu imazimitsidwanso ndi float switch wamba, yoyandama pamadzi. Sindingalole kuti nyumba ya munthu isefukire chifukwa cha dontho limodzi la mame.

Nyerere nazo zimakonda kafungo ka m'bokosi. Zimalowera pa bowo la waya n'kumanga mudzi pansi pa kabodi, ndipo mvula ikayamba dothi lija limanyowa n'kulumikiza mapini. Ma cable gland, silikoni pa bowo lililonse, ndi kupaka kabodi vanishi yake yoteteza zathandiza.

Wi-Fi ya chip ilibe vuto, bola mukumbukire kuti ndi ya 2.4 GHz yokha. Vuto ndi Wi-Fi ya m'nyumba za anthu. Foni imalira: "Amisiri, kabokosi kanu kaja kafa, sikakutumizanso kanthu." Ndikafunsa kuti, "Mayi, MiFi ili kuti?" yankho limakhala lakuti ili m'chikwama, apita nayo kuntchito, kapena bandulo inatha dzana. Kabokosi kali bwinobwino, kakupopa madzi monga mwa nthawi zonse, koma kwa kasitomala chinthu chimene sichikuoneka pa foni ndiye kuti chafa. Apa ndi pamene ESP32 inandikondweretsa kuposa mmene ndinkayembekezera. Espressif ili ndi njira yake yotchedwa ESP-NOW, imene ma ESP32 awiri amatumizirana timauthenga tating'ono popanda router, popanda intaneti, popanda bandulo. Tsopano kabokosi ka pathanki kamalankhula ndi kanzake kamene kali kukhitchini, kokhala ndi kasikirini kosonyeza madzi. Intaneti ikakhalapo uthenga umapitanso pa foni. Ikasowa, palibe amene wasowa kanthu. Mafoni odandaula anachepa kwambiri chifukwa cha kusintha kumeneku kokha. Kudimba kuja, kumene kulibiretu Wi-Fi, ndinaika SIM800L yotumiza SMS. Imagwira, koma imafuna magetsi akeake a pakati pa 3.4V ndi 4.4V ndipo potumiza imakoka mpaka 2A, ndiye nkhani ya ma capacitor ija imayambiranso, mokulirapo.

Kudimba komweko ndi kumene ndinaonera kusiyana kwa chip ndi kabodi kamene timagula. Datasheet imanena kuti ESP32 ikagona tulo tatikulu imakoka pafupifupi 10 µA. Zimenezo n'zoona kwa chip yokha. Kabodi koyeserako kali ndi regulator yotsitsa magetsi ya AMS1117, chip ya USB monga CP2102 kapena CH340, ndi kanyali kofiira koyaka usana ndi usiku, ndipo zonsezi pamodzi zimadya ma mA angapo chip ili m'tulo. Pa batire yaing'ono, mitambo ikaphimba kwa sabata m'Januwale, kusiyana kumeneku ndi kumene kumasankha ngati kabokosi kadzuke kapena ayi. Kabodi koyesera n'ka patebulo. Kumunda kumafunika module yokha ya ESP32, yopanda zowonjezerazo, ndi regulator yosadya zambiri.

Pali kachilombo kena, ka m'pulogalamu, kamene kamafuna kudekha kuti ukaone. Mu Arduino, millis() imawerenga ma millisecond kuyambira pamene chip yayaka, m'nambala ya ma bit 32, ndipo ikadzaza, patatha masiku 49.7, imabwerera pa ziro. Zitsanzo zambiri za pa intaneti zoyatsira pampu zimayerekeza nthawi mosasamala za kubwereraku. Chosekesa n'chakuti bokosi lodalira magetsi a m'dera silifika n'komwe masiku 49 lisanazimepo, ndiye kuzima kwa magetsi kumabisa vutoli. Ukangoika batire yabwino, bokosi n'kukhala miyezi iwiri osazima, ndi pamene kachilombo kamatulukira. Mankhwala ake ndi mzere umodzi, kuchotsera nthawi yakale pa yatsopano m'malo moziyerekeza, koma fufuzani pulogalamu iliyonse imene mwakopera musanaikhulupirire.

ADC ya m'kati, imene imasandutsa mphamvu ya magetsi kukhala nambala poyeza batire, ndi ya ma bit 12 koma siwongoka kumalekezero, ndipo mapini a ADC2 sagwira Wi-Fi ikayaka. Pamene ndikufuna muyeso weniweni ndimaika ADC yapadera, ADS1115.

Pa ndalama, chimene chandipulumutsa kwambiri ndi OTA, kutumiza pulogalamu yatsopano kudzera pa Wi-Fi osakhudza bokosi. Flash imagawidwa pawiri, yatsopano imalowa mbali ina, ndipo ukakonza bwino, ikalephera kuyaka chip imabwerera ku yakale. Ulendo uliwonse wopita kwa kasitomala ndi mafuta, theka la tsiku, ndi kukwera nsanja ya zitsulo imene wowotcherera wake sumudziwa. Kale ndinkawerengera mtengo wa bokosi poyang'ana zida za m'kati. Pano ndimawerengera maulendo, chifukwa phindu limathera pamenepo. Ndinaikanso kanyali panja pa bokosi lililonse kophethira mosiyanasiyana: kawiri ndiye kuti Wi-Fi yasowa, katatu sensa sikuyankha, kosalekeza batire yatsika. Ndimangouza mlonda pa foni kuti, "Achimwene, tandiwerengereni kanyali kaja kakuphethira kangati," ndipo nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo.

Kugula zida kukadali kowawa. Zoitanitsa ku China zimatenga masabata, ndipo chigwereni Kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, madola ochepa aja sakhalanso ochepa. Timabodi ta ogulitsa osadziwika sitifanana ngakhale tikuoneka chimodzimodzi: kena kamabwera ndi regulator yofooka, kena kamafuna kuti ugwire batani la BOOT nthawi iliyonse polowetsa pulogalamu. Ndimagula tambiri nthawi imodzi n'kutiyesa tonse tisanapite kwa munthu. Raspberry Pi Pico, kabodi kena kotchipa, imene inatuluka mu 2021, ndinaiyesanso, ndipo zolemba zake n'zomveka bwino kwambiri. Koma popanda ESP-NOW, pa ntchito yangayi siingalowe m'malo.

Achinyamata ena a uinjiniya, a ku MUBAS ndi MUST, amandifunsa kuti aphunzire chiyani kuti adzapeze ntchito ya mtunduwu, ndipo ambiri amayembekeza kuti nditchula chiyankhulo cha pulogalamu. C ndi C++ aphunzire ndithu, ndipo akazolowera Arduino asamukire ku ESP-IDF, zida zolembera pulogalamu za Espressif, kuti aone mmene FreeRTOS (yogawira chip ntchito) ndi watchdog (yoyatsanso chip ikauma) zimagwirira ntchito. Koma ine ndimayamba ndi kuwafunsa ngati ali ndi multimeter yawoyawo, ngati anawerengapo datasheet kuyambira tsamba loyamba, ndiponso ngati chinthu chimene anapanga chinagonapo panja mwezi wathunthu iwo osachikhudza. Amene amayankha kuti inde pa funso lachitatuli ndi ochepa, ndipo amenewo ndi amene ndimatenga ndikapeza ganyu yoposa manja anga.

Timabokosi totsatira ndikufuna ndichotsemo kabodi koyesera. Ndajambula kale PCB, bodi yangayanga, m'pulogalamu ya KiCad, yokhala ndi module ya ESP32, buck converter, zotetezera ku mphezi pa waya wa sensa ndi malo omangira mawaya ndi sikulu. Ndikudikira kuti maoda akwane kuti mtengo wotumizira ugawike bwino, ndipo ndikufuna tifike mvula isanayambe.