Zoongoletsa msana zija, mmene zilili patapita miyezi

Ambiri mwakhala mukundifunsa ngati zopita kwa chiropractor, adokotala oongola msana ndi manja aja, kuno ku Joni zinathandiza kapena ndalama zinangolowa mmadzi, nde poti papita miyezi ndithu ndiyankhe pano kamodzi.

Ine vuto silinali kupweteka kwa mchiuno kokha ayi. Kuvala thalauza chiimirire kunkandikanika, kungokweza mwendo umodzi basi dzandidzandi mpaka kugwira khoma, munthu akandiitana kumbuyo ndinkatembenuka thupi lonse, mutu ndi chiuno pamodzi. Adokotalawo anandifotokozera kuti msana ukapweteka nthawi yaitali timinofu tating'ono ta mmbali mwa fupa la msana, amati multifidus, timafooka, komanso uthenga wouza ubongo mmene thupi laimira sufika bwinobwino, nde munthu umayamba kudalira kwambiri maso ndi akakolo kuti usagwe.

Poongolapo amakugoneka chammbali, bondo lammwamba lopinda, nkukankha kamodzi mwachangu, kho! Phokoso limenelo si fupa kubwerera mmalo mwake abale, ndi kampweya chabe ka mmadzi a polumikizana mafupa, zomwezija zimachitika tikamathyola zala. Ukamadzuka pabedipo umamva kupepuka zedi, kuwerama kumanga nsapato osaopa.

Koma kwa ine kukomako kunkangokhala masiku ochepa, kudzandira kuja nkubwereranso. Balansi inayamba kusintha nditalimbikira ma exercise amene anandipatsa, kugwada ngati mwana wokwawa nkutambasula mkono wamanja ndi mwendo wamanzere, ndi kuima ndi mwendo umodzi ndikamatsuka mano, poyamba maso otsegula kenako otsinzina. Otsinzinawo nde amakuyalutsa, yesani muone. Kuongolako kunathandiza poti ululu ukachepa mantha amachoka nkutha kupanga ma exercise aja, koma pakokha sikunandibwezere balansi. Ngakhale ku UK, malangizo a 2016 a bungwe la NICE, lomwe limalangiza za chithandizo chamankhwala kumeneko, amati zoongola msana zizichitika limodzi ndi ma exercise, osati pazokha.

Pano ndimapitako mwa apo ndi apo msana ukamangika, ndipo wina akamakuuzani kuti mulipiriretu maulendo ambirimbiri muzifunsa kaye kuti a chani. Amene mafupa anu ndi ofooka musaongoletse musanaonane ndi dokotala wa kuchipatala, ndipo ngati mwendo ukutha mphamvu, pakati pa miyendo pachita dzanzi kapena mkodzo ukuvuta, zimenezo nzothamangira kuchipatala tsiku lomwelo.